Tsiku Limene Ndinaliza Belu Pamutu pa Yotamu

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri pamene ndinapatsidwa ntchito yanga yoyamba, yoliza belu pasukulu yathu ya pulayimale ku Bundabunda. Sanandisankhe chifukwa cha nzeru. Atate anali atandigulira kawotchi kapulasitiki ku Chongwe atagulitsa chimanga, ndipo m'geredi sikisi monse ndinali ndekha wodziwa nthawi popanda kuyang'ana dzuwa. Belu lakelo silinali belu lenileni. Chinali chitsulo cha wilo la thirakitala, chopachikidwa ndi waya panthambi ya mtengo wa mango pakati pa bwalo, ndipo ndinkachimenya ndi chitsulo china chachitali ngati mkono wanga. Ukamenya ndi mphamvu, phokoso lake linkamveka mpaka kumadimba a kutsidya, ndipo dzanja linkachita dzanzi mpaka m'chigongono. Ndinkanyada nayo ntchitoyo. Ine Dalitso Sakala ndikangokweza dzanja, sukulu yonse inkathamanga, ngakhale aphunzitsi amene.

Yotamu Zulu anabwera pakati pa chaka, nyengo yozizira, mphepo ikulowetsa fumbi m'mazenera opanda magalasi. Iye ndi amai ake anachokera ku Petauke atate ake atamwalira, nadzakhala pakamunda ka amalume ake. Anali wamng'ono kwa ine ndi chaka chimodzi, woonda, malaya ake omangidwa mabatani mpaka pakhosi. Analowa m'kalasi osayang'ana munthu. Anayang'ana denga, kenaka anakakhala padesiki yakumapeto nayamba kugwedezeka kutsogolo ndi kumbuyo, uku akung'ung'udza chapansipansi ngati njuchi yotsekeredwa m'botolo.

Mphunzitsi wathu anali a Tembo, munthu wamtali wa mawu aakulu. Tinkamva kuti boma linaletsa kukwapula ana, koma lamulolo linali lisanalowe m'kalasi mwawo. M'dirowa ya tebulo lawo ankasungamo chidutswa cha paipi yakuda yothirira dimba, ndipo tonse tinkadziwa kulira kwake pamsana. Anaima patsogolo pa mnyamata watsopanoyo.

"Iwe, dzina lako ni ndani?"

"Dzina lako ni ndani?" anayankha Yotamu, ndi mawu ofanana ndendende, maso ali pazenera.

Kalasi yonse inaphulika ndi phwete. A Tembo sanaseke.

"Niyangane pamenso nikamakamba na iwe!"

"Nikamakamba na iwe," anatero Yotamu.

Anamugwira kolala, namugonetsa padesiki, namukwapula kasanu. Ife tikakwapulidwa tinkalira mokweza ndi kupempha chifundo kuti athe msanga. Yotamu sanalire choncho. Anangokweza kung'ung'udza kuja mpaka kunamveka ngati injini ya chigayo, ndipo a Tembo anaona ngati ndi mwano, namuwonjezera zina zitatu. Atamusiya, anabwerera pamalo pake, nakonza pensulo zake ziwiri kuti zilingane bwinobwino m'mphepete mwa desiki.

Masabata otsatira anali choncho. Ankakwapulidwa chifukwa chosayang'ana aphunzitsi, chifukwa chogwedezeka, chifukwa chokana kusintha malo tsiku losesa. Chodabwitsa chinali chakuti m'kope mwake munali zonse. A Tembo akafufuta bolodi ife tisanamalize kukopera, Yotamu ankalemba zotsalazo kuchokera m'mutu, osaphonya ngakhale mpumiro. Masamu olembedwa ankakhoza kuposa tonsefe. Koma akamufunsa pakamwa, mwadzidzidzi, maso onse ali pa iye, ankangobwereza mawu a funsolo. A Tembo ankati umenewo ndiwo umboni woti amachita dala. Anthu m'mudzi ankati mwanayo analodzedwa ndi abale a atate ake. Ife ana tinamupatsa dzina limodzi lokha: wofuntha, kutanthauza wamisala.

Ndine ndinazindikira za belu. Tsiku lina nditaliza la nthawi yopuma, ndinabwerera m'kalasi kudzatenga mbatata yanga, ndipo ndinamupeza pansi pa desiki, mawondo pachifuwa, manja atatsekera makutu, maso ali otsinzina zolimba. Ndinauza Gifiti, mnzanga wapamtima, mnyamata wamphamvu amene ankabwereza geredi sikisi kachiwiri. Mawa lake tinaima pazenera ndi anzathu ena kuti tione. Kuyambira pamenepo, m'malo momenya chitsulo katatu monga anandilamulira, ndinkamenya kasanu, kasanu ndi kawiri, mwinanso kakhumi, kenaka n'kuthamanga kukasuzumira. Sindinkamuda Yotamu. Ndanena izi kwa ine ndekha zaka zambiri ngati kuti zimachepetsa mlandu. Zinkangondikomera kuti dzanja langa lingathe kugwetsa munthu pansi ndisanamukhudze n'komwe.

Linali Lachinayi pamene a Tembo anapita kumsonkhano wa aphunzitsi ku Chongwe. Analemba masamu pabolodi, natulutsa paipi ija, naiika m'manja mwanga.

"Aliyense wopanga chongo, umenye. Ukalephera, nizamenya iwe nikabwela."

Njinga yawo itangozimiririka kuseri kwa minda, m'kalasi munabuka phokoso. Atsikana ankaimba, anyamata ankamenya madesiki ngati ng'oma. Phokoso litakula, Yotamu anayamba kugwedezeka mwamphamvu, kung'ung'udza kwake kukukwera. Onse opanga phokosowo anali anzanga, ena akuluakulu kuposa ine. Ndinasankha amene sakanandibwezera. Ndinapita kwa Yotamu ndi kumenya desiki lake ndi paipi.

"Leka chongo, iwe!"

"Leka chongo, iwe," anatero, natseka makutu.

Ndinamukwapula pamanja pomwepo, pazala zimene zinali pamakutu. Sanazichotse. Ndipamene Gifiti anafuula kuchokera kumbuyo kuti, "Tiyeni timupeleke ku belu, chiwanda chake chichoke!"

Sindikumbukira amene anayamba kumugwira. Ndikukumbukira kuti tinamukoka pansi pa simenti, mabatani a malaya ake akuduka, nsapato imodzi itatsala pakhomo. Ankakankha ndi miyendo, koma tinali ambiri. Kalasi yonse inatitsatira ikuimba. Pansi pa mtengo wa mango, Gifiti anamugwira dzanja limodzi nalipotokolera kumsana, mnyamata wina nagwira linalo, kuti asathe kutseka makutu. Anamuimika mutu wake uli pansi penipeni pa chitsulo chija. Ine ndinatola chomenyera changa.

Ndinamenya koyamba. Thupi lake lonse linadumpha ngati lagwidwa ndi magetsi. Ndinamenyanso. Anakuwa, ndipo aka kanali koyamba kumva mawu ake enieni, osati obwereza a munthu wina. Kunali kukuwa kwa mbuzi imene ili pampeni. Ana anaseka, ine ndinamenya, ndi kumenya, ndi kumenya, mpaka ngakhale makutu anga anayamba kulira. Mkodzo unatsika m'miyendo yake nunyowetsa fumbi, ndipo atsikana anakuwa akuloza.

Kenaka anapulumuka. Sindikudziwa mphamvuzo anazitenga kuti. Anagwetsa Gifiti chagada, nandilumphira, nandiluma pamkono wamanzere, pamwamba pa wotchi. Mano ake analowa mpaka ndinamva ngati afika pafupa. Ndinali ndi chitsulo m'dzanja lamanja. Ndinamumenya nacho paphewa ndi mphamvu zanga zonse, ndipo ndinamva kanthu kakuthyoka, ngati phesi louma la chimanga. Anandisiya. Sanathawe. Anatembenukira kumtengo nayamba kumenyetsa mphumi yake pathunthu, kamodzi, kawiri, mobwerezabwereza, dzanja limodzi likulendewera. Khungwa la mango linafiira ndi magazi.

"Wofuntha! Wofuntha aluma banthu!"

Wina anaponya chibuma cha dothi. Wina anaponya mwala. Posakhalitsa ana a makalasi enanso anali atatuluka, akutola chilichonse pansi.

Amene anatipyola pakati anali Madamu Daka, mphunzitsi wa geredi thu, mayi wamfupi amene sitinkamuwerengera chifukwa sankakwapula. Mwala umodzi unawamenya pakhutu. Sanatembenuke kuti aone woponya. Sanamugwire Yotamu, sanamuitane dzina. Anagwada pambali pake, naika dzanja lawo pathunthu la mtengo, pamalo pamene mphumi inkamenya. Mutu wake unagwera pazala zawo. Ndinaona nkhope yawo ikukwinyika ndi ululu, koma dzanjalo sanalichotse. Ndi dzanja linalo anamasula chitenje chawo nachifunditsa pamutu pa mnyamatayo kuti asationenso. Kenaka anatiyang'ana, nalankhula motsitsa kwambiri moti tinachita kukhala chete kuti timve.

"Bonse mu kilasi. Osathamanga. Osakamba."

Tinapita. Ndili pakhomo, magazi akutsika m'zala zanga, ndinacheuka. Madamu Daka anali atakhala pansi pafumbi, chete, pafupi ndi Yotamu koma osamukhudza. Kumenyetsa mutu kunayamba kuchepa, kenaka kunaleka.

Tonse awiri anatitengera kukiliniki imodzi, iye pangolo ya ng'ombe, ine panjinga ya atate. Iye anamutumiza kuchipatala cha ku Chongwe chifukwa fupa la paphewa linali litathyoka. Ine anandisoka ndi kundibaya jakisoni. Atate atandifunsa, ndinati ndinkangoliza belu, wofunthayo n'kundilumphira. Gifiti ndi anzathu ena ananenanso chimodzimodzi.

Lolemba a hedi anaitanitsa msonkhano mu ofesi yawo. Munali a Tembo, Madamu Daka zala ziwiri zili m'bandeji, atate ndi ine, makolo ena angapo, ndi amai ake a Yotamu, amene anakhala pampando wa pakona atagwira kachikwama pamiyendo. Atate ndiwo ankalankhula kwambiri. Anakweza mkono wanga kuti onse aone.

"Onani! Iyi ni sukulu ya bana olo ni khola ya agalu? Mwana uyu achoke lelo. Bamupeleke ku chipatala cha ofuntha."

A Tembo anavomereza, nati iwo anayesetsa kumuwongola koma zinakanika. Makolo ena anagwedeza mitu movomereza. A hedi anali atatenga kale cholembera kuti amuchotse sukulu pamene Madamu Daka anapempha kundifunsa funso limodzi.

"Dalitso, belu ya buleki ilila nthawi bwanji?"

"Teni koloko, madamu."

"Ine pa Chinayi ninaimva na hafu naini. Siinalile katatu. Inalila mpaka bana banga ba geredi thu banayamba kulila naonso. Ndani anakutuma?"

Ndinayang'ana wotchi yanga ngati ingandiyankhire. Sukulu yonse inali italimva belu lija, ndipo panalibe amene anafunsapo chifukwa chake. Ndinayamba kulira, ndipo ndinanena zonse: za kumukoka, za manja amene tinamugwira, za chitsulo paphewa.

Atate anatembenukira kwa ine. Anavula lamba wawo pomwepo, pamaso pa a hedi. Anandigwira khosi nandigwetsa pansi, ndipo lambayo anatsika pamsana, m'miyendo, pamutu, mbali ya chitsulo chomangira. Anali asanandimenyepo choncho chibadwire. Ndinamva kukoma kwa magazi m'kamwa. Palibe mwamuna amene anaimirira. Amene anagwira dzanja lawo anali amai ake a Yotamu.

"Ba Sakala, chakwana."

"Nisiyeni nimuphe! Wanichititsa nsoni!"

"Mukamupha, phewa ya mwana wanga izapola?" Amai ake a Yotamu sanawasiye dzanja. "Ine nemwine namumenya Yotamu kuchokela ali na zaka zitatu. Ninamumenya kuti akambe. Ninamumenya kuti aniyangane. Ninamupeleka kwa mneneli, banamumanga na nthambo masiku yabili, banamuthila madzi yozizila. Anabwelako ayopa na ine wamene, amai bake. Palibe chamene chinasintha. Ndodo yalema pa mwana uja. Isayambe futi pa uyu."

Atate anatsitsa dzanja. Anakhala pansi, lamba ali pamaondo, osayang'ana aliyense.

Ndipamene Madamu Daka anatchula mawu amene ndinali ndisanawamvepo: otizimu. Anati anaphunzirako pang'ono ku koleji, ndipo mwana wa mchemwali wawo ku Lusaka ali nawo. Anafotokoza kuti si misala, si ziwanda, ndiponso si mwano. Munthu amabadwa nawo. Ubongo wake umalandira zinthu mosiyana ndi ena: phokoso limene kwa ife n'longosokosa, kwa iye limabaya ngati msomali m'khutu. Kuyang'ana munthu m'maso uku akumvetsera kumamulemera. Kugwedezeka ndi kung'ung'udza ndi njira yake yodzikhazika mtima pansi, ndipo kubwereza mawu nthawi zina ndiko kuyesa kwake kuyankha. Anati iwo si dokotala, ndipo analangiza amai ake kuti akamuonetse kwa odziwa ku Lusaka, koma anapempha kuti pakali pano mwanayo asachotsedwe sukulu.

"Nipaseni ine," anatero. "Akaluma munthu mu kilasi yanga, muchotse ine."

A hedi anavomera monyinyirika. Makolo awiri anatuluka akung'ung'udza. A Tembo anati tiona.

Yotamu anabwerera patapita masabata asanu ndi limodzi, dzanja lili m'nsalu, chipsera pamphumi. Ankakhala pakona ya kalasi ya Madamu Daka, pafupi ndi khomo, pakati pa tiana tating'ono, koma akuchita ntchito ya geredi sikisi imene iwo ankakatenga okha kwa a Tembo. Zimene anamuchitira sizinali zodula. Anamulembera pakatoni dongosolo la tsiku lonse kuti adziwiretu chotsatira. Mafunso ankamulembera papepala m'malo momufunsa pagulu, ndipo ankamupatsa nthawi. Belu likatsala pang'ono kulira, ankamuonetsa kakhadi kofiira, iye n'kupita yekha m'kachipinda kosungira mabuku, n'kutseka chitseko. Akafuna kugwedezeka, ankagwedezeka. Tiana ta geredi thu tinazolowera msanga kuposa akuluakulu. Sikuti zonse zinayenda bwino. Tsiku lina anang'amba mabuku atapeza kuti desiki lake lasunthidwa, ndipo panali sabata yathunthu imene anakana kulowa pachipata. Koma sanalumenso munthu. Analemba mayeso a geredi seveni chaka chimodzi pambuyo panga, m'chipinda chayekha, ndipo anakhoza.

Ine anandilanda ntchito ya belu tsiku la msonkhano lomwelo. A Tembo anapitiriza ndi paipi yawo mpaka pamene anasamutsidwa. Gifiti anasiya sukulu chaka chomwecho. Yotamu akandiona pabwalo, ankazungulira kutali ngati mmene munthu amalambalalira dzenje. Madamu Daka anandiletsa kumuyandikira, ngakhale kukapepesa. Anati kupepesako kungathandize ine, osati iye.

Lero ndine mphunzitsi kudera la Nkomeshya. Chaka chatha ndinapita ku Palabana kukafuna ng'ombe yamkaka ya mlamu wanga, ndipo pafamu ina yaing'ono mwini wake anandilozera munthu amene amadziwa ng'ombe zonse za pamenepo. Anali atakhala pakampando m'khola, mutu atautsamiritsa pamimba pa ng'ombe, akukama. Mwini famuyo anati ng'ombe zimene zimaponda ena zimaima phee kwa iye. Ndinamuzindikira ndi phewa lamanzere, limene linapola lotsika pang'ono. Ndinalowa m'kholamo ndi kuima kumbuyo kwake. Mawu amene ndinawasunga zaka zonsezi anatuluka osalongosoka. Ndinati ndine Dalitso, ndinati ndinalakwa, ndinati andikhululukire.

Manja ake anaima. Sanatembenuke.

"Dalitso Sakala," anatero. "Osaimilila kumbuyo kwanga."

Ndinasuntha, ndi kukaima kutsogolo, mbali ya mutu wa ng'ombe, pamene akanatha kundiona. Anayang'ana nsapato zanga, kenaka anapitiriza kukama. Sananene kuti wandikhululukira, ndipo sanandithamangitse. Ndinaima pomwepo mpaka ndowa inadzaza.

Kwa zaka zambiri ku Bundabunda nkhaniyi inkakambidwa ngati ya mwana wofuntha amene analuma mnzake. Tsopano ndikudziwa kuti pabwalo lija panali anthu ambiri achiwawa, ndipo iye anali womalizira kukweza dzanja. Ndikudziwanso kuti mwana wotere sakhala chete monga timaganizira. Amanena chimene chikumupweteka, kaya ndi thupi, kaya ndi mawu ochepa, ndipo ntchito ya mphunzitsi ndi kuphunzira kumva. M'kalasi mwanga muli mtsikana amene amalemba bwino koma sayankha ndikamuitana, ndipo aphunzitsi anzanga ena amati ndimamulekerera. Ndimawasiya anene. Chikhululukiro cha Yotamu sindinachipeze, ndipo alibe chifukwa chondipatsira. Chimene anandipatsa m'khola muja ndi pempho limodzi lomveka bwino, ndipo ulendo uno ndinamva, ndinasuntha.